Boti la faiba likatha: tilikonze, tilidule, tilipere kapena tilitenthe?

Bwato wosema ukatha, mapeto ake amadziwika: umawola pagombe kapena anthu amauwaza nkhuni. Boti lachitsulo nalo silisowa kolowera, ogula zitsulo zakutha amaliduladula, kulipima pa sikelo, n'kulikweza lole ya ku Blantyre. Koma boti la faiba likang'ambika kunsi limangokhala pomwe analikokerapo, dzuwa la ku Nsanje likuliwamba chaka ndi chaka, osawola, osachita dzimbiri, chiswe osalikhudza. Ogula mapulasitiki akutha amatola zidebe ndi mipando yothyoka, ilo n'kulilambalala.

Kuno kuchigwa nkhaniyi ikutikhudza chifukwa madzi atiphunzitsa kudalira maboti a injini. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023: nthawi zonsezi anthu a ku Makhanga ndi madera ena a kutsidya ankafikiridwa pa boti. Ndipo si maboti okha. Pali mathanki ena a madzi, malata oyera aja olowetsa kuwala m'mashedi, nkhope za mabasi, madishi ena a TV. M'nyumba muli abale ake: mbale ndi makapu a melamine, zogwirira mapoto zakuda zija, masoketi a magetsi, matiresi a siponji. Zonsezi ndi banja limodzi la mapulasitiki lotchedwa thermoset.

Chidebe cha pulasitiki chili ngati chidina, chimene mungathe kuchinyika n'kuumbanso china. Thermoset ndi njerwa yowotcha kale. Rezini, madzi onanda amene akauma amasanduka pulasitiki imeneyi, ikangosakanizidwa ndi mankhwala oumitsa, tizigawo take tosaoneka ndi maso timamangana mbali zonse, ndipo kumanganako sikumasuka ndi kutentha. Moto ukachuluka imangoda n'kupsa, siyisungunuka. Khalidwe limeneli ndi lomwe linatchukitsa Bakelite, pulasitiki imene Leo Baekeland anapanga mu 1907, ndipo ndi lomwe limachititsa kuti chogwirira poto chisalendewere pa mbaula. Ngati mukukayika kuti chimene muli nacho ndi cha banja liti, wotchani msomali n'kuugunditsa pamalo obisika. Ukalowa ngati m'sopo, chinthucho ogula mapulasitiki angachitenge. Ukangosiya chipsera chakuda ndi fungo loboola mphuno, ndiye kuti njira zili m'munsizi ndi zanu.

Kukonza

Maboti ambiri amene amaoneka akutha amakhala asanathe. Faiba ndi ulusi wa galasi wonyowetsedwa ndi rezini, kawirikawiri ya polyester, ndipo chigamba choikidwa bwino chimagwira zaka zambiri. Chimene chimalepheretsa kawirikawiri ndi kapangidwe ka chigambacho, osati ukalamba wa boti.

Yambani ndi kuligogoda ndi ndalama yachitsulo kapena mpini wa hamala. Pamalo abwino pamalira mowuma, pamene faiba yasiyana mkati pamalira mogonthera. Lembani ndi choko ponse pogonthera, chifukwa mng'alu umene mukuuona kunja umakhala waung'ono kuposa bala lenileni. Kenako boti liume, liume ndithu, mkati ndi kunja. Apa ndi pomwe ambiri amathamangira: amalivuula m'mawa, kumata masana, mawa lili pamadzi, sabata isanathe chigamba chamatuka. Rezini ndi chinyezi sizigwirizana, mafuta a injini ndiye n'kosayamba.

Popala, musamangopala pamng'alu penipeni. Amisiri a maboti amapala mopendekera kuchoka pabowo, mtunda wofanana ndi kuchindikala kwa boti kuchulukitsa ka 12. Ngati khoma la boti ndi mamilimita 5, mupale mamilimita 60 kuzungulira bala lonse. Pukutani ndi acetone, mankhwala ochotsa mafuta, ikani nsalu za faiba mosanjikiza, iliyonse inyowe rezini mpaka kuyera kwake kuthe, n'kufinya thovu lonse la mpweya.

Tsopano nkhani ya kutentha, imene mapepala a pachitini sanalembere ife. Mankhwala oumitsa polyester, a MEKP, amathiridwa pakati pa mamililita 10 ndi 20 pa kilogalamu imodzi ya rezini. Nthawi youmira imene opanga amalemba amayesera pamalo ofunda madigiri 20 mpaka 25. Ku Ngabu kapena ku Bangula mu Okutobala, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, rezini yosakanizidwa mwa muyeso wapamwamba imalimba m'chitini musanathe n'kupaka komwe, ndipo ikakhala yambiri imatentha yokha mpaka kufuka utsi. Gwirani ntchito m'mamawa, pamthunzi, ndi muyeso wapansi, ndipo muzisakaniza pang'onopang'ono m'chiwiya chophwathalala. Koma musachepetse mankhwalawo kupitirira apo poganiza kuti dzuwa limalizitsa, chifukwa chigamba chimatsala chonanda mkati. Kutentha komweku kumafupikitsanso moyo wa rezini ili m'chitini chotseka, moti kugula yambiri kuti isungidwe chaka chonse n'kutaya ndalama.

MEKP si mankhwala ocheza nawo. Dontho limodzi m'diso likhoza kuchititsa khungu. Magalasi, magolovesi ndi ndowa ya madzi pambali si zamanyado. Ndipo ngati mwagula rezini yobwera ndi kabotolo kena ka mankhwala a cobalt ofulumizitsa, awiriwa asakumane okhaokha, amatha kuphulika. Cobalt amayamba wasakanizidwa bwinobwino mu rezini, MEKP n'kubwera pomaliza.

Pali kusankha pakati pa mitundu iwiri ya rezini, polyester ndi epoxy. Polyester ndi yotsika mtengo, yosavuta kupeza, ndipo pa bala laling'ono imakwanira. Epoxy ndi yodula koma imamata mwamphamvu pa faiba yakale ndipo silowa madzi msanga. Lamulo lake ndi lakuti epoxy imagwira pa polyester, koma polyester sigwira bwino pa epoxy, ndiye mukayamba ndi epoxy pamalo ena, podzakonzanso mudzafunika yomweyo. Ine ndingasankhe epoxy pa mng'alu wa kunsi kwa boti lonyamula anthu, polyester ndiisiyire mbali zakumwamba.

Malire a kukonza alipo. Kumbuyo kumene kumakhala injini, maboti ambiri ali ndi thabwa lobisika mkati mwa faiba, ndipo limenelo limawola. Kulichotsa n'kuika lina kumatheka, koma ndi ntchito ya mmisiri weniweni. Boti limene msana wake wathyoka, kapena limene pogogoda likugonthera theka lonse, lisabwererenso pa Shire ndi anthu mkati. Pamtsinje wa ng'ona ndi mvuu palibe poyeserera.

Kudula n'kupangira zina

Boti lolephera kuyandama likadali khoma lolimba, lopepuka, losawola ndiponso losalowa chiswe, zinthu zimene m'chigwa muno timazilipirira ndalama zambiri. Njira iyi ndi imene ndimaiika pachiwiri, ndipo kusiyana kwake ndi zotsatirazi ndi kwakukulu.

Chikwawa ndi Nsanje ndi maboma a ng'ombe, ndipo theka la boti lomatidwa kumapeto ndi chomwera chimene sichingaphwanyike msanga pa mjigo. Mbali zowongoka zimapanga chitseko ndi makoma a chimbudzi amene sasungunuka madzi akasefukira, denga la khola la mbuzi, zotchingira madzi m'ngalande za masikimu a mthirira, kapena mashatala othirira konkire amene mungawagwiritse ntchito kambirimbiri. Thanki yosweka kumwamba ikadulidwa pakati imasanduka nazale ya mbande. Anzathu akunja akuchita zomwezi ndi zinthu zazikulu kuposa maboti athu: ku Rotterdam kuli bwalo losewerera ana lomangidwa ndi mapiko akutha a makina opukusa magetsi ndi mphepo, ndipo ku Cork, m'dziko la Ireland, mu 2022 anamanga mlatho wa oyenda pansi ndi panjinga wogona pa mapiko oterewa. Mayiko a ndalama zawo anaona kuti kudula n'kugwiritsanso ntchito kumadya mphamvu zochepa kuposa kuphwasula.

Zoyenera kusamala ndi zitatu kapena zinayi. Fumbi la faiba limayabwa pakhungu ndipo silifunika m'mapapo, choncho podula ndi girayinda valani masiki yeniyeni, osati mpango, yalani lona pansi, ndipo muzinyowetsa podulapo. Duleni kutali ndi madzi. M'mphepete modulidwamo mupake rezini kapena penti, apo ayi ulusi umatuluka n'kumalasa ana ndi ziweto. Chigawo chimene chinamwa petulo ndi oyilo, kapena chopakidwa penti wakunsi woletsa ndere, chisakhale chomwera ng'ombe, ndipo faiba yakale ya boti isasungire madzi akumwa anthu kapena kuyanikira nsomba. Kunja kwake kuzipakidwa penti, popeza dzuwa limadya rezini pang'onopang'ono mpaka ulusi kuonekera.

Kupera

Zotsala podula, zokhotakhota zosagwira ntchito, zingathe kuperedwa n'kusanduka ufa ndi tiulusi tatifupi. Mwa njira zonse zophwasulira, iyi ndi imene imadya magetsi ochepa, ndipo m'mafakitale ufawo amausakaniza mu rezini yatsopano kapena mu konkire kulowa m'malo mwa gawo laling'ono la mchenga.

Kwa ife phindu lake ndi lochepa. Mchenga m'chigwa muno si chinthu chosowa, Mwanza ndi mitsinje ina imautuma wokha pakhomo, ndiye ufa wa faiba ukupikisana ndi chinthu cha ulere. Galasi wamba wa m'maboti amadyekanso ndi ukali wa simenti pakapita nthawi, moti musayembekezere kuti alimbitsa konkire. Ngati mwapera, ufawo ulowe pang'ono m'zinthu zosanyamula katundu wolemera, monga njerwa zoyala pabwalo, osati mu lintala kapena silabu ya chimbudzi. Ubwino wake weniweni ndi woti zinyalalazo zatsekeredwa malo amodzi. Ndipo chonde, zisapite ku chigayo cha chimanga, ngakhale mwini chigayo atalonjeza kutsuka. Ulusi wa galasi sumatha m'masefa.

Moto wa pagombe ndi moto wa simenti

Kutentha ndi njira imene imabwera msanga m'maganizo, ndipo ndi yoipa kuposa zonse. Rezini imayaka ndithu, ndi utsi wakuda wokhala ndi mankhwala oopsa a styrene, mpweya wa carbon monoxide ndi mwaye, koma galasi silipsa. Moto ukazima boti limatsala lili mulu wa ulusi wofumbutuka umene mphepo imaumwaza m'minda ndi m'madzi. Kuponya zidutswa mu uvuni wa njerwa kapena pa chitofu n'chimodzimodzi, kungoti utsiwo mwausendeza pafupi ndi mphuno. Zogwirira mapoto, mbale za melamine ndi siponji nazo si nkhuni: siponji ndi melamine zikamapsa zimatha kutulutsa mpweya wapoizoni wa cyanide.

Ng'anjo ya fakitale ya simenti ndi nkhani ina. Mmenemo kutentha kumafika pafupifupi madigiri 1,450. Rezini imagwira ntchito ya malasha, pomwe galasi limasungunuka n'kulowa mu simentiyo, popeza muli silika ndi laimu zimene simenti imafuna kale. Palibe chotsala. Ku Germany mapiko a makina a mphepo amathera m'ng'anjo zoterezi, ku America kampani za GE ndi Veolia zinagwirizana zomwezi mu 2020, ndipo ku Japan dongosolo lotolera maboti a faiba akutha linayamba mu 2005, zidutswa zake n'kumapita ku simenti.

Kuno ng'anjo zoterezi zili ku Kasungu, kwa Shayona, ndi ku Mangochi, kwa Cement Products. Kuchokera ku Nsanje kukafika ku Blantyre kokha ndi makilomita pafupifupi 180, ndi chitunda cha Thabwa pakati, ndiye ulendo n'kuyambiranso. Fakitale imafuna katundu wochuluka, wodulidwa tizidutswa, wopanda zitsulo, wobwera mosalekeza. Boti limodzi kapena awiri sizingalipire lole. Njirayi ingakhale ndi mutu ngati makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje atakhala ndi malo amodzi osonkhanitsira, malole obwerera opanda katundu n'kumanyamula. Ku France anathana ndi funso la wolipira mwa lamulo: kuyambira 2019 bungwe la APER limaphwasula maboti osangalalira akutha popanda kulipiritsa mwini wake, mbali ina ya ndalama zake ikuchokera pa kamtengo kowonjezera pa boti latsopano lililonse.

Zamafakitale akuluakulu

Pali njira ziwiri zimene zimamveka kwambiri pa intaneti. Yoyamba ndi pyrolysis, kuwotcha faiba m'chotengera chopanda mpweya pa madigiri 450 kapena kupitirira, rezini n'kusanduka gasi ndi mafuta, ulusi n'kutsala. Yachiwiri ndi kusungunula rezini ndi mankhwala. Zonsezi zimapindula pa ulusi wa carbon, wa m'ndege ndi m'njinga zampikisano, chifukwa ndi wodula ndipo umatuluka ukadali ndi mphamvu zake zambiri. Ulusi wa galasi watsopano ndi wotsika mtengo, pomwe wotuluka m'moto umatha kutaya theka la mphamvu zake kapena kuposa. Kuwononga mafuta kuti mupeze chinthu chofooka kuposa cha m'sitolo, masamu ake sakwana ngakhale ku Ulaya.

Wina wozolowera kuwotcha makala angaganize zoyesa ndi mgolo wotseka. Gasi wotuluka mmenemo ndi woyaka komanso wapoizoni. Zisiyeni.

Chiyembekezo chenicheni chili pa rezini zatsopano zopangidwa kuti zizitha kumasuka. Mu 2011 gulu la Ludwik Leibler ku Paris linaonetsa mtundu wotchedwa vitrimer, wolimba ngati thermoset koma woti ukatenthedwa ungaumbidwenso. Mu 2021 kampani ya Siemens Gamesa inatulutsa mapiko a makina a mphepo amene rezini yake imasungunuka mu asidi wofatsa wofunditsidwa, ndipo oyamba anaikidwa panyanja ku Kaskasi, ku Germany, mu 2022. Pa kupanga nakonso zikusintha. Zigawo za ndege zimaumitsidwa m'mauvuni akuluakulu kwa maola ambiri, koma mu 2018 ofufuza a ku University of Illinois anaonetsa rezini imene mukaigunda ndi chitsulo chamoto pakona imodzi, kutentha kwake komwe kumayenda n'kuiumitsa yonse, popanda uvuni. Zonsezi ndi zabwino, koma sizithandiza boti lomwe lili kale ku Chiromo, lopangidwa ndi polyester wamba.

Pali mfundo imodzi pamenepa yotikomera. Polyester ya maboti imauma yokha pa kutentha kwa panja, siifuna uvuni. Mphamvu zambiri zinathera kale kufakitale, posungunula galasi ndi poyenga rezini kuchokera ku mafuta a pansi. N'chifukwa chake chigamba cha makilogalamu awiri chimene chapulumutsa boti lonse chimaposa njira iliyonse yophwasulira.

Kungolisiya, kapena kulikwirira

Kulisiya pagombe kumaoneka ngati kulibe vuto, koma faiba imafumbutuka pang'onopang'ono. Ofufuza a ku University of Brighton anapeza tiulusi ta faiba m'matupi a nkhono za m'madzi ku Chichester Harbour, ku England, pafupi ndi pokonzera maboti. Ife tili ndi Elephant Marsh, dambo limene linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017, kumene kumachokera mlamba ndi makakana a m'misika yathu. Madzi akasefukira, boti losiyidwa limatengedwa n'kukaphwanyikira m'dambomo. Likakhala chagada limasunga madzi a mvula, udzudzu n'kupeza poswerana.

Ngati palibe chimene mungachite nalo lero, likokereni kumtunda kumene madzi safika, mulivundikire, pamthunzi. Zidutswa zing'onozing'ono, mbale za melamine zosweka ndi masoketi akutha, kuzikwirira pamalo okwera, kutali ndi chitsime, n'kwabwino kuposa kuzitentha. Siponji yakutha isafike n'kudzala komwe, opanga mipando ndi mapilo amaidula tizidutswa n'kuigwiritsa ntchito.

Pogula latsopano

Kusankha kwakukulu kumachitika boti lisanagulidwe. Bwato wosema umafuna mtengo waukulu ngati mtondo kapena mbawa, ndipo mitengo yotereyi yasowa m'chigwa. Boti lamatabwa ubwino wake ndi woti kalipentala wa pamudzi amalikonza, koma limafuna kumatidwa pafupipafupi. La aluminiyamu ndi lopepuka ndipo likatha oumba mapoto amalilimbirana, vuto ndi loti likang'ambika limafuna wowotcherera wa makina apadera, amene sapezeka pa tiredingi senta iliyonse. La pulasitiki ya polyethylene, mtundu wa mathanki akuda aja, limapirira kugunda miyala ndi zitsa, limawotchereredwa ndi mpweya wamoto ndipo lingasungunulidwenso, koma guluu ndi rezini sizigwirapo, ndipo likasiyidwa padzuwa litatsamira molakwika limapindika. La faiba limakonzeka ndi zida zokwana m'chikwama chimodzi, popanda magetsi ambiri, ndipo apa ndi pomwe limapambanira ena onse kumadera ngati Makhanga.

Ena amafunsa za kugwiritsa ntchito khonje m'malo mwa ulusi wa galasi. Pa zitseko, mipando ndi zotchinga zakumtunda zimatheka, ndipo khonje sadya mphamvu zambiri pokonza. Koma amamwa madzi pakangoboka pang'ono, moti kunsi kwa boti ayi. Rezininso imakhala yomwe ija yosasungunuka.

Kwa komiti ya m'mudzi, gulu la asodzi kapena bungwe limene likugula boti la faiba lothandizira pa ngozi, mafunso ofunsa wogulitsa ndi awa: boti lapangidwa ndi rezini iti, muli thabwa pati, ndipo kuchindikala kwa kunsi ndi mamilimita angati. Pa bajeti yomweyo pakhale nsalu ya faiba, magalasi, masiki ndi maphunziro a anthu awiri kapena atatu a m'deralo, rezini izigulidwa pang'onopang'ono ikafunika. Pakhalenso shedi, ngakhale yaudzu, chifukwa boti lopulumutsira anthu limagwira ntchito masabata ochepa a dzinja, miyezi ina yonse limakhala kumtunda. Nthawi yoligogoda ndi kulimata ndi Juni ndi Julayi, kukuzizirako pang'ono ndipo boti lauma, osati Disembala Ruo atayamba kale kudzaza.